Ulumali umene maso saona: ulendo wa mapepala ku Petauke ndi Nyimba

Tsiku lolandira ndalama za Social Cash Transfer limadziwika ndi mzere. M'midzi ya kwa Mfumu Mumbi ku Petauke kapena kwa Mfumu Nyalugwe ku Nyimba, anthu amalawirira ku sukulu ya pulayimale, kumene wolipira, amene nthawi zambiri amakhala mphunzitsi kapena wa zaumoyo, amakhala pa tebulo ndi mndandanda wa mayina. Pamzerepo pamakhala agogo, amayi olera ana okha, bambo woyendera ndodo, mayi wosaona amene akutsogoleredwa ndi mdzukulu. Palibe amene amafunsa kuti anthuwa analembedwa chifukwa chiyani, poti aliyense akudzionera yekha.

Amene dzina lake limavuta kulowa pamndandandawo ndi mnyamata wa zaka za m'ma 20, wathupi lamphamvu, woti akhoza kusenza thumba la chimanga mpaka kuchigayo, koma sangatumidwe yekha kuchigayoko. Salankhula, kapena amangobwereza mawu amene wamva. Injini ikalira amatseka makutu n'kuthawa. Mukamusinthira mbale kapena njira imene anazolowera, amavutika mtima mpaka kudzimenya. Sadziwa kuti K50 imaposa K20. Mayi ake sanagonepo pamaliro kwa zaka zambiri, ndipo kumunda amapita pokhapokha wina atatsala naye.

Madokotala amalitchula vutoli kuti autism. Ndi mmene ubongo wa munthu unakulira kuyambira ali wamng'ono, ndipo zimakhudza kulankhula, kumvana ndi anthu, komanso mmene munthu amamvera phokoso, kuwala ndi kukhudzidwa. Dokotala wa ku America, Leo Kanner, analifotokoza mu 1943, ndipo bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linanenapo kuti pafupifupi mwana mmodzi mwa ana 100 ali nalo. Silibwera chifukwa cha katemera, kaleredwe kapena chigololo cha makolo. Limasiyananso kukula kwake: ena amaphunzira, amagwira ntchito n'kumanga banja, pomwe ena amafunika wowayang'anira usana ndi usiku moyo wawo wonse. Mwana wa gulu lachiwirili akakula, kholo lake limayamba ntchito ina yolemetsa: kusandutsa zaka zonse za chisamaliro kukhala mapepala amene boma lingawakhulupirire.

Thandizo ndi la nyumba yonse

Ku Britain kapena ku South Africa, munthu wamkulu waulumali amalembetsa thandizo m'dzina lake, ndipo ndalama zimabwera kwa iye mwezi ndi mwezi. Ku Zambia njira yaikulu ndi Social Cash Transfer, yofanana ndi imene a ku Malawi amaitcha Mtukula Pakhomo, ndipo imayang'ana nyumba yonse. Ulumali wa mwana umangotsegula khomo. Kuti banja lilowe, liyeneranso kupezeka kuti ndi losauka.

Ndondomekoyi inayamba mu 2003 ku Kalomo, ndi mabanja pafupifupi 1,000 amene ankalandira K30,000 ya ndalama zakale pamwezi, yokwana kugula thumba la chimanga pa nthawiyo. Chigawo cha Kummawa, kumene kuli Petauke ndi Nyimba, chinalowamo msanga: Chipata inayesa ndondomekoyi m'tauni, ndipo mu 2007 Katete inayamba kupereka ndalama kwa okalamba a zaka 60 kupita m'mwamba. Lero ili m'maboma onse a dziko, pansi pa Unduna wa Community Development and Social Services, ndipo ikufikira mabanja oposa miliyoni imodzi.

Magulu amene amaganiziridwa ndi odziwika: nyumba ya munthu wokalamba, ya wodwala matenda aakulu osachiritsika, yoyendetsedwa ndi mwana, ya mayi amene akulera yekha ana atatu kapena kuposerapo, ndi nyumba imene muli munthu waulumali waukulu. Gulu lomalizali limalandira zochulukirapo. Mu 2022, nyumba wamba inkalandira K200 pamwezi pomwe ya munthu waulumali waukulu inkalandira K400, ndipo poti malipiro amabwera pakatha miyezi iwiri, m'manja munkagwa K800. Chilala cha 2024, chimene Pulezidenti Hakainde Hichilema anachilengeza kuti ndi tsoka la dziko pa 29 February, chinachititsa boma kuwonjezera K200 pamwezi kwa mabanja amene anali kale pamndandanda. M'chaka chomwecho thumba la ufa la makilogalamu 25 linali litadutsa K300. Ndalamazi si zambiri, koma kwa mayi amene sangachoke pakhomo kukachita ganyu kapena kukagulitsa nthochi m'mbali mwa msewu pa Nyimba, ndi zokhazo zimene angazidalire pogula sopo, mchere ndi kulipira womulimirako.

Choyamba ndi reji

Ulendo umayamba ndi chitupa cha NRC, chimene ambiri amangoti reji. Mzambia aliyense amayenera kuchitenga akakwanitsa zaka 16. Achinyamata ambiri amachitenga chifukwa cha mayeso, ntchito, nambala ya foni kapena voti. Mwana amene sanakhalitse pasukulu ndipo palibe amene ankamuganizira za ntchito akhoza kufika zaka 30 alibe reji. Pamaso pa ofesi iliyonse ya boma, munthu wotero amakhala ngati sanabadwe.

Ofesi yolembetsa ili kuboma. Kwa banja la kwa Mfumu Luembe kapena kwa Mfumu Mwape, kuchigwa cha Luangwa, ulendo wake ndi wa ndalama ndithu, ndipo m'nyengo ya mvula misewu ina siipitika. Kumafunika kholo kapena wachibale amene ali ndi reji yake kuti achitire umboni, pamodzi ndi kalata yobadwira kapena khadi la kusikelo ngati lilipo. Mwini wake ayenera kufika, chifukwa pamafunika chithunzi ndi chidindo cha chala. Apa m'pamene pamavuta. Basi yodzaza, wayilesi yofuula, mzere wa maola angapo ndi mlendo womugwira chala ndi zinthu zimene munthu wa autism zimamuzunza. Makolo amene anayendapo ulendowu amachita bwino kupita okha kaye n'kukafotokozera a ofesi, kenako kubwera ndi mwanayo m'mamawa anthu asanachuluke, atatenga chakudya ndi kanthu kamene amakonda kugwira. Ena amadikira nthawi imene boma limatumiza olembetsa m'midzi, monga limachitira zisankho zikamayandikira.

Kwa dokotala

Pepala lachiwiri ndilo mtima wa nkhani yonse: umboni wa achipatala wakuti munthuyu ali ndi ulumali waukulu. Zipatala zilipo. Ku Petauke kuli chipatala cha boma, chipatala chatsopano cha Kalindawalo General ndi chipatala cha mishoni cha Minga, ndipo Nyimba ilinso ndi chipatala chake cha boma. Koma autism siioneka m'magazi kapena pa chithunzi cha X-ray. Amene amaipeza ndi munthu wophunzira za maganizo ndi kakulidwe ka ana, amene amafunsa mbiri ya munthu kuyambira ali wakhanda ndi kuona khalidwe lake modekha. Akatswiri otere ku Zambia ndi ochepa ndipo ambiri ali ku Lusaka, ku chipatala cha UTH ndi ku Chainama Hills, chipatala chachikulu cha matenda a maganizo chimene chinatsegulidwa mu 1962.

Msewu wa Great East womwe umadutsa pa Nyimba ndi womwe umakafika pachipata cha Chainama. Kuchokera ku Petauke ndi makilomita pafupifupi 400, kudzera m'mapiri a ku Kacholola, pa mlatho wa Luangwa, Rufunsa ndi Chongwe. Kulowera kummawa kuli Chipata Central Hospital, kumene kulinso gawo la matenda a maganizo. Kulikonse kumene banja lingalowere, mtengo wake ndi wa anthu awiri kapena atatu, kupita ndi kubwera, ndi malo ogona. Ndiye poyambira pabwino ndi pachipatala cha m'boma lomwelo: kufunsa wogwira ntchito amene anaphunzira za matenda a maganizo, ndi kulola iyeyo kuti aweruze ngati pakufunika kalata yotumizira wodwala kwina.

M'chipinda cha dokotala makolo ambiri amadzipweteka okha mosadziwa. Ulemu wathu ndi wakuti ukafunsidwa za mwana umati ali bwino. Mayi amamusambitsa, kumuveka malaya a kutchalitchi, ndipo mnyamatayo amakhala phee pampando. Dokotala amene ali ndi mzere wautali panja amaona munthu wathanzi. Chimene chimafunika kunenedwa ndi chomwe mayi anazolowera kubisa: kodi amasamba yekha, amadzithandiza yekha kuchimbudzi, amadziwa kuopa moto, chitsime ndi galimoto? Wasowapo kangati? Amagona usiku? Angatsale yekha kwa ola limodzi? Mayankho a mafunso amenewa ndiwo amasiyanitsa ulumali waukulu ndi wocheperapo pa fomu.

Zikalata zakale zimathandiza kuposa mmene anthu amaganizira. Khadi la kusikelo, kalata ya mphunzitsi wamkulu wa sukulu imene mwanayo analephera kupitiriza, ndi kabuku ka kuchipatala zimasonyeza kuti vutoli silinayambe dzulo. Ena mwa anthu a autism amakhalanso ndi khunyu, ndipo ngati mwanayo amalandira mankhwala a khunyu, kabuku kake ndi umboni wamphamvu. Chofunika kusamala ndi chakuti fomuyo isangolembedwa khunyu yokha, kapena misala, pomwe vuto la tsiku ndi tsiku ndi lina.

Khadi la ZAPD

Fomu ya dokotala imatsegula njira yopita ku Zambia Agency for Persons with Disabilities, bungwe la boma limene limalembetsa anthu aulumali ndi kuwapatsa khadi. Likugwira ntchito pansi pa lamulo la Persons with Disabilities Act la 2012, limene linabwera dziko litavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali mu 2010. Lamuloli silinena za miyendo, maso ndi makutu okha. Limatchulanso ulumali wa maganizo ndi wa nzeru, choncho munthu wa autism ali ndi malo ake m'lamulo ngakhale anthu a m'mudzi asakumuona choncho. Kwa banja la ku Petauke kapena Nyimba, pofunsira mafomu ndi malangizo ndi ku ofesi ya Social Welfare ya m'bomalo.

Kafukufuku wa dziko lonse wa 2015 anapeza kuti anthu akuluakulu 10.9 pa 100 alionse ali ndi ulumali wa mtundu wina, pomwe pakati pa ana a zaka 2 mpaka 17 chiwerengero chinali 4.4. Chigawo cha Kummawa chili ndi mbiri yaitali pa nkhani ya ulumali: sukulu yoyamba ya osaona m'dziko muno inayambira pa mishoni ya Magwero pafupi ndi Chipata mu 1905. Zaka zoposa 100 za sukulu ndi mabungwe zaphunzitsa anthu kuti wosaona ndi wosamva ali ndi ufulu. Pa autism, mabungwe a makolo ndi malo ophunzitsira ana ambiri ali ku Lusaka ndi m'matauni a m'mbali mwa njanji, ndipo tsiku la 2 April, limene United Nations inapatula mu 2007 kuti likhale lodziwitsa anthu za autism, limamveka kwambiri kumeneko.

Khadi lokha silibweretsa ndalama. Ndi umboni umene umachepetsa mikangano pa sitepe yotsatira.

Pabwalo la mudzi

Mayina a olandira Social Cash Transfer amayambira m'mudzi, m'manja mwa komiti ya anthu ongodzipereka yotchedwa CWAC. Iwo ndiwo amadziwitsa anthu kalembera akabwera ndi kulozera nyumba zoyenera. Kenako olemba amafika pakhomo kudzafunsa za denga, ziweto, katundu ndi anthu okhala m'nyumbamo, ndipo mayankhowo amalowa m'kompyuta kuti aone mabanja amene ali bwinoko. Pamapeto mndandanda umawerengedwa pamsonkhano, anthu a m'deralo n'kuvomereza kapena kutsutsa. Kalemberayu sachitika tsiku lililonse. Banja limene linali kuchipatala kapena kumaliro pa nthawiyo likhoza kudikira nthawi yaitali, n'chifukwa chake mapepala amafunika kukhala okonzeka kalembera asanalengezedwe.

Msonkhano wa pabwalo unaikidwa pofuna kuletsa chinyengo, ndipo pa agogo ndi amasiye umagwira ntchito. Pa mnyamata wa autism, anthu omwe akuyenera kumuchitira umboni ndi omwe akhala akumutcha wozerezeka kapena waulesi. Wina adzati anamuona akutunga madzi, ndiye ulumali wake uli pati? Pali china choopsa kuposa apo. M'madera ambiri, mwana wotere amanenedwa kuti anamulodza, kapena kuti bambo ake anamuika m'chizimba kuti malonda aziyenda. Banja limene lakhala likunong'onezedwa choncho limabisa mwana kuseri kwa nyumba, ndipo kuima pabwalo n'kutchula mavuto ake kumakhala kudzivula pagulu.

Apa anyakwawa ndi atsogoleri a mipingo ali ndi mphamvu imene dokotala alibe. Nyakwawa imene inamuona mwanayo akukula ikanena pamsonkhano kuti mayiyu sachoka pakhomo, mawu ake amatseka pakamwa ambiri. Ansenga a m'madera amenewa amatsata mtundu wa kuchikazi, choncho malume wa mwanayo, monga mwini mbumba, ndi woyenera kukhala pambali pa mlongo wake pa tsikulo. Ndipo banja likakanidwa, nkhani siithera pomwepo. Ndondomekoyi ili ndi njira yoperekera madandaulo, kudzera ku komiti ya m'mudzi kapena ku ofesi ya Social Welfare kuboma. Wodandaula ayenera kufunsa chifukwa chenicheni: kodi ndi fomu ya dokotala, kapena banja lapezeka kuti si losauka mokwanira? Mankhwala a zifukwa ziwirizi ndi osiyana.

Mwana kwa mayi ake, wamkulu kwa lamulo

Mayi adzamutcha mwana mpaka imvi, koma akapitirira zaka 18 lamulo limamuona ngati munthu wamkulu wokhala ndi ufulu wake. Kwa zaka zambiri nkhani za anthu otere zinkayendera lamulo la atsamunda la Mental Disorders Act, limene linkawagawa m'magulu ndi mayina achipongwe. Mu 2017 Gordon Maddox Mwewa, Sylvester Katontoka ndi mnzawo anakasuma ku khoti lalikulu ku Lusaka, ndipo khotilo linagamula kuti gawo la lamulo limene linali ndi mayinawo likutsutsana ndi malamulo aakulu a dziko. Mu 2019 nyumba ya malamulo inakhazikitsa Mental Health Act m'malo mwake. Lamulo latsopanoli limalola khoti kusankha munthu wothandiza amene sangathe kupanga yekha zisankho, ngakhale omenyera ufulu wa anthu aulumali akhala akudandaula kuti gawo limeneli likhozabe kulanda munthu mawu ake.

Pa Social Cash Transfer banja silifunika kupita kukhoti, poti wolandira amakhala mutu wa nyumba kapena wosamalira. Komabe mfundo ya lamulo ili ndi tanthauzo pakhomo. Ndalama zowonjezerazo zabwera chifukwa cha iyeyo. Ngati amatha kusonyeza chimene akufuna, kaya ndi mawu, kaya ndi kuloza, ayenera kufunsidwa. Nsapato zake, bulangete lake ndi ulendo wake wa kuchipatala siziyenera kukhala zomalizira pamene feteleza ndi yunifolomu ya ang'ono ake zagulidwa kale. Ndipo si aliyense wa autism amene njira yake ndi imeneyi. Amene amatha kugwira ntchito ndi manja akhoza kupindula kwambiri ndi thandizo la maphunziro a luso la m'thumba la CDF, limene boma linalikweza kufika pa K25.7 miliyoni pa dera la phungu aliyense mu 2022.

Ndalama zikayamba kubwera

Kulowa pamndandanda si kutha kwa nkhawa. Malipiro anachedwapo kwa miyezi m'zaka zapitazo, ndipo mu 2018 mayiko a Britain, Sweden, Finland ndi Ireland anaimitsa thandizo lawo zitamveka kuti ndalama za ndondomekoyi zasokonezedwa. Pulezidenti Edgar Lungu anachotsa nduna ya undunawu, Emerine Kabanshi, mu September chaka chomwecho. Kuchokera pamenepo boma lakhala likusamutsira malipiro ku mabanki ndi pafoni, kudzera m'dongosolo la pakompyuta la ZISPIS. Kumene netiweki ilipo, izi zimapulumutsa mayi ku mzere. Zimabweretsanso vuto lake: nambala ya foni imalembetsedwa ndi reji, ndipo mayi wosadziwa kuwerenga amene wauza mdzukulu kapena wa pa buthi nambala yake yachinsinsi akhoza kupeza ndalama zitachepa.

Funso limene limasowetsa tulo makolo a ana otere ndi la tsiku limene iwo adzafooke kapena kumwalira. Ndondomekoyi ili ndi kachinthu kamodzi kothandiza: nyumba iliyonse imasankha wachiwiri, amene amalandira ndalama pamene wolandira wamkulu walephera. Mabanja ambiri amangotchula aliyense amene ali pafupi pa tsiku lolembetsa. Pa nyumba ya munthu wa autism, dzinali ndi lofunika kulikambirana pamodzi ndi malume ndi abale onse, chifukwa wachiwiriyo ayenera kukhala amene mnyamatayo amalola kuti amumete, amupatse mankhwala ndi kumutsogolera kuchipatala. Kawirikawiri amakhala mlongo wake, amene nayenso ali ndi banja ndi ana ake, ndipo mwamuna wake ayenera kumva nkhaniyi isanafike pa ofesi.

Wachiwiriyo afunika kudziwa pamene pali reji, khadi la ZAPD, fomu ya dokotala ndi kabuku ka mankhwala, komanso kukhala ndi makope ake, poti chiswe ndi denga lodontha zawonongapo mapepala ambiri. Wolandira wamkulu akamwalira kapena banja likasamuka, a CWAC ndi a Social Welfare ayenera kuuzidwa msanga kuti dzina lisinthidwe. Zikapanda kutero nyumbayo ikhoza kuchotsedwa pamndandanda, ndipo mlongoyo adzayenera kudikira kalembera wina ndi kukafotokozanso zonse pabwalo.